Kujambula ukwati m'chilimwe: yankho langa kwa onse ondifunsa za dzuwa la Okutobala

Ogasiti akangolowa foni yanga imayamba kulira ndi funso limodzi lomwelo, "achimwene ndapeza ukwati woti ndijambule Loweruka likubwerali, nanga dzuwali nditani nalo?" ena amatumiza kale zithunzi zoonongeka, mkwatibwi nkhope bii diresi ili mbee ngati pepala, n'kumafunsa ngati zingakonzeke pa kompyuta. Zambiri sizikonzeka. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zomwe ndimayankha, amene mukufuna muwerenge mpaka pansi chifukwa ukwati subwerezedwa, mukalakwitsa tsiku limenelo mwalakwira anthu awiri moyo wawo wonse.

Ndikati chilimwe ndikunena kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba ya Novembala, nthawi imene maukwati amachulukitsitsa kwathu kuno poti anthu akolola, agulitsa fodya ndi soya, misewu ya kumudzi ikupitika ndipo palibe woopa kuti mvula iwononga madyerero. Koma kwa wojambula imeneyi ndiyo nyengo yovutitsitsa pa chaka chonse.

1. Yambani ndi pulogalamu, kamera ibwere pambuyo

Sabata ziwiri ukwati usanafike khalani pansi ndi mkwati ndi mkwatibwi, ndipo ngati n'kotheka pakhalenso wapampando wa komiti ya ukwati, chifukwa nthawi zambiri pulogalamu amagwira ndi a komiti osati eni ukwatiwo. Afunseni kudalitsa kuyamba nthawi yanji, tchalitchi chake chiti, madyerero ali kuti ndipo pakati pa malo awiriwa pali mtunda wautali bwanji. Pulogalamu ya maukwati ambiri ndi yodziwika: kutchalitchi cha m'ma 8 kapena 9 m'mawa, kutuluka cha m'ma 11, kujambulitsa, nkhomaliro, kenako kuholo cha m'ma 1 kapena 2 mpaka madzulo. Mwaona pamene agwetsa nthawi yojambulitsa? Pakati pa 11 ndi 1, dzuwa lili paliwombo penipeni.

Izi simungazisinthe kwambiri, koma pali chinthu chimodzi choti mupemphe ndipo muchipemphe molimba: mphindi 15 zokha cha m'ma 5 madzulo zoti muwatulutse awiriwo muholo. Mu Okutobala dzuwa kuno limalowa 6 koloko isanakwane ndipo mdima umagwa msanga, mphindi 20 kapena 25 basi kwada. A MC auzidwe pasadakhale, alembe pa pepala lawo. Mukadikira kukapempha tsiku lomwelo perekani-perekani atatentha palibe amene adzakumvereni.

Pomwepo kambiraninso za ndalama, theka alipire tsiku lisanafike, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba, ndipo mulemberane zithunzi zingati, alubamu ilipo kapena ayi, mudzapereka liti. Zolembedwa, osati zapakamwa.

2. Pitani mukaone malowo pa ola lomwelo

Ambiri amapita kukaona tchalitchi madzulo akaweruka kuntchito, amapeza pakhomo pali mthunzi wabwino, Loweruka masana n'kupeza mthunzi uja palibe. Pitani 11 koloko kapena 12. Yang'anani khonde lalitali, khoma loyang'ana kumene kulibe dzuwa, mtengo wa masamba othithikana. Kumbukirani kuti nyengo ino mitengo yambiri yayoyola masamba, yomwe imakhalabe ndi mthunzi wodalirika ndi mango, kachere, mbawa ndi ina yotero. Ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba jakaranda amachita maluwa ake a pepo mu Seputembala ndi Okutobala, amakongola kumbuyo kwa chithunzi koma mthunzi wake ndi wa madontho-madontho, musawaimike anthu pansi pake masana.

Mukaonanenso ndi abusa kapena ansembe. Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake, kwina salola fulashi nthawi ya malumbiro, kwina salola kukwera kuguwa, kwina amakuuzani malo amodzi oti muime basi. Funsani mwaulemu, mudzapeza kuti ambiri amakulozerani okha malo abwino. Ndipo a Seventh Day maukwati awo amakonda kuchita Lamlungu, musangoganiza kuti ukwati uliwonse ndi Loweruka.

3. Zida

Apa sinditaya nthawi. Mabatire osachepera atatu ndipo muwatchaje Lachinayi, osadikira Lachisanu usiku chifukwa magetsi akazima mulibe kolowera. Ma memory card angapo ang'onoang'ono amaposa imodzi yaikulu, ngati kamera yanu imalowa makhadi awiri ikani kuti izilemba pa onse awiri. Fulashi ndi mabatire ake, reflector yobwezera kuwala kunkhope (ngati mulibe, chinsalu choyera kapena katoni yomata pepala loyera imagwira ntchito), ambulera yaikulu, madzi akumwa, ndi tishu wofewa wambiri.

Kamera musaisiye m'galimoto yotseka mawindo, ngakhale kwa mphindi zochepa. Ndipo lenzi musasinthire panja, fumbi la Okutobala likalowa pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera komwe kamagwira chithunzi, mudzaona timadontho pa thambo la chithunzi chilichonse. Sinthirani m'galimoto kapena m'chipinda, kamera itayang'ana pansi.

4. M'mawa ndi m'tchalitchi

Kumene akuvalira mkwatibwi, zimitsani babu wa m'chipinda, tsegulani katani, mumuimike pafupi ndi windo kuwala kukumufika cham'mbali. Chithunzi cha amayi ake akumukonza velo pawindo chimaposa zonse zomwe mungapangitse panja. Jambulaninso mphete, nsapato, maluwa nthawi imeneyi zisanafote ndi kutentha.

M'tchalitchi vuto ndi mawindo owala kumbuyo kwa anthu pomwe m'kati muli mdima. Kamera ikaona windo imachepetsa kuwala nkhope zonse n'kuda. Ikani pa manual kuti kuwala muzisankha nokha osati kamera, yezani kuwala pa nkhope, windo lipsere palibe kanthu. Osaopa kukweza ISO, setingi yowalitsa chithunzi pamdima, mpaka 1600 kapena 3200, chithunzi cha timchenga pang'ono chimaposa chogwedera. Shutter, liwiro lomwe kamera imatsegula ndi kutseka pojambula, isatsike pansi pa 1/160 ya sekondi. Zomwe simuyenera kuphonya: kulowa kwa mkwatibwi, kuvundukula velo, mphete, kusaina, ndi ankhoswe akamaimirira kuvomera. Ankhoswe ndi anthu oimira banja la mbali iliyonse, kawirikawiri amalume, ndiwo adzaweruze nkhani za m'banjamo mtsogolo, kotero chithunzi chawo chikasowa mu alubamu akuluakulu amadandaula kuposa kusowa kwa keke.

5. Dzuwa la paliwombo, khungu lakuda ndi diresi yoyera

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa mavidiyo ambiri omwe mumaonera pa YouTube amapangidwa ndi anthu a kumaiko komwe chilimwe chawo dzuwa limalowa 9 koloko usiku ndipo anthu omwe amawajambula khungu lawo silitalikirana kwambiri ndi mtundu wa diresi. Kwathu n'kosiyana. Dziko lathu lili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, ndipo ku Lilongwe chakumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, mukaima mthunzi wanu umakhala pansi pa mapazi. Kuwala kochokera pamwamba chonchi kumawalitsa chipumi, mphuno ndi mapewa, koma maso amalowa m'maenje akuda, pansi pa chibwano bii. Onjezerani thukuta lonyezimira pachipumi, ndi diresi yoyera yomwe ikubweza dzuwa lonse.

Mvetsani kaye mmene kamera imaganizira. Iyo imafuna chilichonse chioneke chotuwa pakatikati, osati choyera osati chakuda. Ikaona diresi yadzadza chithunzi imati kwawala kwambiri n'kuchepetsa, nkhope ya mkwatibwi n'kuzimirira. Ikaona suti yakuda ya mkwati imati kwada n'kuonjezera, diresi n'kupsa mpaka leisi ndi mikanda yonse osaoneka. N'chifukwa chake pa auto zithunzi ziwiri zotsatizana zimatuluka zosiyana. Kusiyana kwa kuwala pakati pa diresi ili padzuwa ndi nkhope ili mumthunzi wa iyo yokha n'kwakukulu koti palibe setingi imene ingagwire zonse ziwiri bwinobwino. Ndiye yankho silili m'mabatani, yankho ndi kuchepetsa kusiyanako musanajambule.

Njira yoyamba ndi mthunzi, koma m'mphepete mwake. Musawalowetse mkatikati mwa mtengo, kumeneko kuli mdima ndipo masamba a mango amapaka khungu ubiriwiri wosasangalatsa. Aimikeni phazi limodzi kapena awiri kuchokera pamene mthunzi ukuthera, atayang'ana kunja kowala, inu muime padzuwa. Kuwala kobwerera kuchokera pansi ndi pathambo kumalowa m'maso mwawo, khungu limaoneka losalala ngati lapakidwa mafuta. Khonde la tchalitchi kapena pakhomo lalikulu ndi malo abwino koposa. Chenjerani ndi dothi lofiira la katondo, limabweza kufiira pa diresi ndi pansi pa chibwano, yalani chinsalu choyera pansi patsogolo pawo pomwe sichikuoneka m'chithunzi, muona kusintha pompo. Chenjeraninso ndi timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba, kadontho kamodzi pamphuno kamaononga chithunzi chonse ndipo pa kasikirini ka kamera simukaona msanga.

Njira yachiwiri, ngati mthunzi palibe, dzuwa likhale kumbuyo kwawo. Ngakhale lili pamwamba limakhala litapendekera mbali ina pang'ono, yang'anani mthunzi wawo pansi, uzigwera kumene muli inu. Nkhope yonse ikhala mumthunzi umodzi wofanana, satsinzina maso, ndipo velo imawala m'mphepete mokongola. Kenako bwezerani kuwala kunkhope ndi reflector, mbali yoyera osati yasiliva, yasiliva masana imalasa m'maso mpaka misozi ndipo imakulitsa kunyezimira kwa thukuta.

Njira yachitatu ndi fulashi panja masana, ambiri amadabwa koma ndi pamene imafunikira kwambiri. Padzuwa lowala kuwerengera kwake n'kodziwika: ISO 100, shutter 1/100, f/16 (nambala ya f ndi kukula kwa bowo la lenzi, ikakwera bowo limachepa). Makamera ambiri fulashi imagwirizana ndi shutter mpaka 1/200 kapena 1/250 basi, ndiye muli cha pa f/11, ndipo pamenepo kafulashi ka pamwamba pa kamera kamafika mamita 2 kapena 3 okha. Yandikirani. Mukafuna kumbuyo kosungunuka pa f/2.8 shutter iyenera kufika cha pa 1/3200, apo mufunika fulashi ya high speed sync, yotha kuyendera limodzi ndi shutter yothamanga chonchi, kapena fyuluta ya ND, kagalasi kakuda kochepetsa kuwala kolowa mu lenzi. Fulashi isapose dzuwa, ingotsegula maso basi, munthu woona chithunzi asadziwe kuti inalipo.

Pa njira zonsezi jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona kuti mudzathe kukonza bwino pa kompyuta, ndipo yatsani chenjezo lija lomwe limaphethira pa sikirini pamene papsa. Kwezani kuwala mpaka diresi iyambe kuphethira pang'ono pa mapewa, kenako bwererani kamodzi. Pamenepo ndi pomwe nkhope yalandira kuwala kochuluka kotheka diresi isanatayike. Mukakakamizika kusankha chimodzi, sankhani nkhope.

Ndikuuzeni chimene chinandiphunzitsa zimenezi. Zaka zoyambirira ndinajambula ukwati wina ku Salima, kunja kukutentha koti nsapato zimamata pa tala, ndinawaimika akwati pabwalo la tchalitchi padzuwa chifukwa anthu amafulumira. Diresi inatuluka bwino mkanda uliwonse ukuoneka, koma nkhope ya mtsikana uja inali mdima wokhawokha. Ndinalimbana nayo pa kompyuta usiku wonse kuikweza mpaka inatuwa ngati phulusa. Tsiku lopereka alubamu amayi ake anaitsegula, anakhala chete nthawi yaitali chala chili pa chithunzicho, kenako anati "bambo, mwana wanga ndi wakuda bwino, uyu ndi ndani?" Sanakalipe. Mpaka lero ndikamaimika mkwatibwi ndimamva mawu amenewo, ndipo mamita 20 okha kuchokera pomwe tinaima panali khonde.

Ndipo musaiwale kuti amene mukuwajambulawo ndi anthu ovala suti ya zidutswa zitatu ndi diresi yolemera pa kutentha kopitirira madigiri 30, ku Chikwawa ndi Nsanje mpaka kupyola 40. Sanadye bwino m'mawa, mwina sanagone. Konzani chilichonse iwo ali mumthunzi kapena m'galimoto, yesani kuwala pa best man, mukatha ndiye muwaitane, mphindi ziwiri zitatu abwerere. Thukuta amadinda ndi tishu, sapukuta, kupukuta kumachotsa zodzola. Muuzeni mperekezi wamkulu agwire tishu, madzi ndi ambulera, ikhale ntchito yake. Munthu amene akumva kutentha kumwetulira kwake kumaoneka kokakamiza, palibe lenzi yobisa zimenezo.

6. Zithunzi za abale

Lembani mndandanda pasadakhale ndipo mupeze munthu mmodzi mbali iliyonse wodziwa abale onse kuti aziitana. Yambani ndi agogo ndi ana aang'ono apite akakhale pansi, kenako makolo, ankhoswe, ndiye aperekezi pomaliza poti iwo ndi achinyamata apirira. Gulu lalikulu f/5.6 kapena f/8, jambulani katatu kanayi chifukwa wina amakhala watsinzina. Onse akhale mumthunzi kapena onse padzuwa, osati theka uku theka uku. Achibale ojambula ndi mafoni musakangane nawo, auzeni "ndijambule kaye ine kenako ndikupatsani mpata", apo ayi maso a anthu m'chithunzi chanu aziyang'ana mbali zisanu.

7. Perekani-perekani

Kwa amene simunakhalepo pa ukwati wa kwathu, iyi ndi nthawi imene a MC amaitana magulu mmodzimmodzi, a kuchimuna, a kuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, anzawo a kusukulu, kubwera akuvina n'kumaponya ndalama m'mbale kapena lichero lomwe akwati agwira. Ena amati kusupa, ena kufupa. Pambali pamakhala tebulo la osintha ndalama kuti munthu wa K5,000 apeze zing'onozing'ono zoti aponye nthawi yaitali. Zimatenga maola, ndipo cholakwa chachikulu ndi kujambula chilichonse mpaka khadi kudzadza ndi misana ya anthu.

Imani pambali pa akwati mutayang'ana kumene anthu akuchokera kuti mupeze nkhope, nthawi zina mugwade pansi ndalama zizioneka zikuuluka m'mwamba. Shutter 1/250 kupita m'mwamba ngati kuwala kulipo, 1/500 ndalama zimaima bwino m'malere. Ngati denga ndi loyera ndi lalifupi lozetsani fulashi kudenga, koma maholo ambiri ndi a malata opanda siling'i kapena ndi tenti ya nsalu zamitundu, pamenepo ikani kakhadi koyera pa fulashi. Magetsi a DJ ofiira ndi obiriwira aja amaononga khungu, pemphani azimitse nthawi yodula keke ndi ya gule woyamba.

Gulu lililonse pezani zithunzi zitatu zinayi zabwino basi, kenako tembenukani muone kumbuyo. Agogo aakazi akuvina ndi K200 yawo m'manja atainyamula m'mwamba, bambo a mkwatibwi atakhala chete akuyang'ana mwana wawo, kamwana ka maluwa katagona pa mpando nsapato imodzi itavuka. Zimenezi ndi zomwe akwati sanazione tsiku limenelo ndipo ndi zomwe amalira nazo akalandira alubamu. Mudzakumananso ndi anzathu ojambula alendo pakhomo n'kukatsukitsa mwachangu kudzagulitsa madyerero asanathe, nawonso akufuna kudya, gwirizanani nawo malire kuti asalowe kutsogolo nthawi ya mphete ndi keke basi.

8. Mphindi 15 zija

5 koloko ikakwana musachite manyazi, pitani kwa a MC muwakumbutse. Nyengo ino mumlengalenga mumakhala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi, ndiye dzuwa likamatsika limafiira ngati mpira ndipo nthawi zambiri limazimirira mu utsimo lisanafike pansi, kotero musadikire kuti litsikitsitse, yambani msanga. Kuwala kwa nthawi imeneyi pa khungu lakuda kulibe chofanana nacho, kumatulutsa kufiirira kwa mkati komwe masana sikuoneka. Dzuwa likhale kumbuyo kwawo cham'mbali, inu mutalikire ndi lenzi yaitali, musawauze zambiri. Auzeni ayende pang'onopang'ono atagwirana manja, akambirane za tsikulo. Kuyambira m'mawa aka n'koyamba kukhala awiriwiri popanda wowaitana, mapewa amatsika, kuseka kumabwera kokha.

Ngati ukwati uli kunyanja dziwani mbali imene gombe layang'ana. Ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa, dzuwa limatulukira pamadzi ndipo limalowera kumtunda, ndiye madzulo akwati akaima nyanja ili kumbuyo kwawo kuwala kumawamenya kumaso bwinobwino. Ku Cape Maclear ndi kumene dzuwa limalowera pamadzi, uko konzekerani fulashi kapena mujambule mithunzi yawo yokha. Mchenga ndi mdani wa kamera, chikwama musaike pansi.

9. Mukafika kunyumba

Musagone musanakopere zithunzi malo awiri osiyana, ndipo khadi musafufute mpaka ntchito mutapereka. Pokonza yambani ndi khungu, lifanane ndi mmene munthuyo alili, diresi ibwere pambuyo potsitsa ma highlights, malo owalitsitsa a chithunzi. Ma preset, masetingi okonzeratu a mitundu ya chithunzi, ogula pa intaneti ambiri anapangidwira khungu loyera, pa ife amatuwitsa kapena kusandutsa munthu wa olenji, ngati mukuwagwiritsa ntchito bwezeretsani mtundu wa khungu ndi dzanja. Kunyezimira kwa pachipumi chepetsani pang'ono osachotseratu, khungu lopanda kuwala konse limaoneka ngati pulasitiki. Ndipo musamuyeretse munthu. Ngakhale wina wa kubanja atakunong'onezani kuti "mumuwalitseko pang'ono", funsani mwini wake, ndipo muonetseni kaye chithunzi chojambulidwa bwino cha khungu lake lenileni, ambiri akaona amati chisiyeni chomwecho.

Tumizani zithunzi 10 kapena 15 pasanathe masiku awiri kuti akhale ndi choika pa status, zotsalazo pa tsiku lomwe munalemberana lija. Pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza mwachizolowezi imazifinya ndipo akakatsukitsa zimatuluka zosweka. Zonse pamodzi perekani pa flash disk kapena Google Drive, ndipo musanaike chithunzi chawo chilichonse pa Facebook kutsatsa ntchito yanu, apempheni kaye.